Phingo wa M'chitini

Mu Area 12 muli agalu aukali, mipanda yamagetsi ndi alonda a zibonga, koma choopsa kuposa zonsezi chinali mphuno ya mayi Rahima. Mphuno imeneyo inkadziwa kuti mkaka uwonongeka mawa mkakawo usanadziwe. Mlendo akakhala pa sofa n'kunyamuka, iwo ankatha kukuuzani ngati wabwera pa minibasi kapena pa kabaza, ndiponso ngati masokosi ake anaonapo madzi mwezi umenewo. Sankalankhula zambiri. Ankangokweza mlomo wam'mwamba pang'ono, ngati munthu amene waponda chofewa alibe nsapato, basi iwe n'kudziwa kuti mlandu wako watha.

Anabadwira mu Old Town, kuseri kwa mashopu, m'banja la Chisilamu. Bambo awo, a Mikaili, anali telala wa pakhonde, ndipo mwana wawo wamkaziyo ndiye ankasita zovala za makasitomala ndi nsimbi ya makala. Kaphulusa kakagwera pa malaya, bambowo sankakalipa ayi. Ankangomubwezera malayawo kuti akayambirenso kuchapa. Mtsikana anakula akuona litsiro ngati munthu amene anamuphera m'bale.

Ndiye tsoka, paja limakonda kuseka, linawapatsa mwamuna wosema ziboliboli.

Nthawi imene ankafunsira, a Sefu ankasema zipande ndi mithiko, zinthu zoyera, ndipo ankanunkhira utuchi. Ukwati utangomangidwa anapeza malo pamsika wa ziboliboli mu Old Town momwemo, pamene azungu amagula njovu, mvuu ndi mipando yopinda. Mzungu akafika pamenepo amafuna chinthu chimodzi, phingo. Phingo ndi mtengo wakuda bii mkati mwake, wolemera ngati mwala, wolimba moti sompho amabuntha ntchito isanapite patali. Mitengo yake anthu anaidula mpaka kutsala mbiri yokha, koma njovu zakuda pamsikapo sizinathe. Munthu amasema jakaranda kapena mango, amaupaka utoto wa zikopa, ukauma amabwera ndi chitini cha polishi wa nsapato, burashi ndi nsanza. Pofika masana mango uja wasanduka phingo wa makolo. Mzungu amakulunga m'nyuzipepala, amakwera ndege, ndipo sabwerera. Ntchito yonse ya a Sefu inatsamira pamenepo, pakuti wogula sabwerera.

Amene ankabwerera kunyumba madzulo alionse anali a Sefu eni ake, ndi manja awo.

Manja amenewo anawasautsa a Rahima moyo wawo wonse. Polishi anali m'zikhadabo, m'ming'alu ya zikhatho, mpaka m'ndevu, chifukwa bamboyo akamaganiza amazisisita. Pa swichi ya magetsi panali chala chakuda. Pa chogwirira ketulo, pa nsalu ya pawindo, pa pilo, paliponse. Mwana wawo Sumayya, amene pano ali pabanja ku Salima, ali khanda ankayenda ndi zidindo za bambo ake pa thewera ngati kalata ya boma. A Rahima anaika beseni ndi sopo panja pa chitseko, lamulo lake n'loti munthu asalowe asanasambe mpaka m'zigongono. A Sefu ankasamba, madzi n'kuda, manja osasintha.

"Mayi a Sumayya, kuda kumeneku ndi kumene mukudyera," ankatero akupukutira pa thawulo loyera.

"Ndimadyera nsimbi yanga. Ikani pansi thawulo limenelo."

Ndipo zinali zoona. A Rahima ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa mayi Immaculata, mayi wamasiye wa mu Area 12 amene anapuma ntchito ku banki ina ku City Centre. Anakhala nawo kuyambira mwana wa m'nyumbamo, Fiona, ali kupulayimale. Ntchitoyo inkabwera ndi kota kuseri kwa nyumba yaikulu: zipinda ziwiri, magetsi, mpopi wawowawo, chimbudzi chogejemula chimene sankagawana ndi munthu wina aliyense. Kwa munthu amene anakulira pamzere wa chimbudzi chimodzi cha mabanja ambiri, kota imeneyo inali Paradiso amene analowamo asanamwalire. Makiyi onse a nyumba yaikulu ankakhala m'thumba la epuloni yawo, mpaka ya kuchipinda kwa madamu.

Chinthu chimodzi chokha m'nyumbamo sankaloledwa kuchikhudza, ndicho vayolini. Kwa amene simunaionepo, ndi kaligo wa azungu, wa nsambo zinayi, woliza ndi uta, ndipo amaupana ndi chibwano ngati munthu amene akuyankha foni manja ali mu ufa. Mayi Immaculata anaphunzira kuliza kwa masisitere ali mtsikana, ndipo vayolini imene anali nayoyo anawagulira malemu amuna awo, a Clifton. Fiona atatsala pang'ono kukwatiwa anapempha chinthu chimodzi: poti bambo ake palibe oti amugwire dzanja, mayi ake alize vayolini ya bambo akeyo pamene iye azidzalowa m'tchalitchi.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loti ngakhale buluzi amayenda chonyang'ama. Madamu anaiwala vayolini m'galimoto masana onse ku City Centre. Atafika kunyumba n'kutsegula bokosi lake pakhonde, kathabwa kakuda kamene kamagona pansi pa nsambo, pamene zala zimaponda, kanali katamatuka. Kanatsetsereka, kanagwa pansi, ndipo Jenerali anakalandira.

Jenerali anali galu wa m'nyumbamo, chigalu cha masaya olendewera, chimene chinkadya nyama ya m'chitini pamene mlonda a Edwell ankadya bonya. Pamene anthu amachigwira, kathabwako kanali katasanduka nzimbe yotafunidwa. Madamu anakhala pansi pa sitepe, manja kumutu.

"A Rahima, tolani chimenecho."

A Rahima anayang'ana. Chinali chonyowa, chonanda, dovu la galu likutsika ngati therere. Iwo, Msilamu wopemphera kasanu, amene galuyo akangowanunkhiza chitenje ankakasintha. Anatenga mapepala apulasitiki awiri, anavala m'manja, anatola ndi nsonga za zala nkhope ili kumbali.

Madamu anaimba mafoni madzulo onse. Wokonza zoterezi mu Lilongwe sanapezeke. Kuitanitsa kathabwa kena kunja, kakanafika ukwati utadutsa kalekale. Ndipo kankafunika ka phingo basi.

Pamenepo ndi pamene pakamwa pa a Rahima panawagulitsa. Mwina chinali chisoni poona madamu akulira. Mwinanso n'kuti mkazi aliyense, ngakhale amene amanyansidwa ndi mwamuna wake, amafuna tsiku limodzi lokha loti anthu anene kuti anakwatiwa ndi munthu.

"Madamu, paja amuna anga amasema phingo."

Madamu anadzutsa mutu. "Phingo weniweni?"

"Weniweni."

"Mukudziwa mmene timachitira pano, a Rahima. Amene walowetsa munthu pageti ndiye amamuyankhira."

Ankadziwa. M'ma Area onsewa lamulo lake ndi limenelo. Wantchito akabweretsa pulambala, pulambalayo n'kuba mpopi, amene amanyamula katundu ndi wantchitoyo. Wosamalira maluwa wina, a Benedicto, anachoka pa nyumba yomweyi chifukwa cha msuweni wawo amene anabwera kudzadula mtengo n'kuugwetsera pa mpanda.

"Ndiwayankhira," anatero a Rahima. Mawu atangotuluka anamva ngati ameza ntchentche.

M'mawa mwake a Sefu anafika pakhonde la nyumba yaikulu atavala mkanjo woyera ndi kachipewa, ngati akupita ku Idi. M'manja anali ndi chipika chakuda, chachitali ngati mkono. Anapempha ndowa ya madzi, anaponyamo chipikacho, ndipo chinamira kuti phwi mpaka pansi.

"Mwaona, madamu? Mtengo wamba umayandama. Uyu amamira ngati ngongole ya mlamu."

Madamu anaseka koyamba chichitikireni ngoziyo. A Rahima sanaseke. Chipikacho ankachidziwa. Chinali cha a Abdulaziz, mkulu wa pamsika paja, ndipo ndi chokhacho cha phingo weniweni pamzere wonse. Chimayenda tebulo ndi tebulo, aliyense akapeza kasitomala wokayika amachibwereka, amachimiza m'madzi, n'kuchibweza. Chinanyowa kambirimbiri koma mpeni sichinauonepo.

Madamu anatulutsa foni n'kuyamba kufotokoza. Kathabwako m'litali kakhale masentimita 27. Kumtunda, kumene kuli kopapatiza, m'lifupi mwake masentimita awiri ndi theka osakwana pang'ono, kumunsi anayi n'kadontho. Pamwamba pakhale pokhota ngati kumsana kwa supuni, kuti uta uzitha kugwira nsambo imodzi osakhudza inzake. Kunsi kwake, mbali imene imalendewera pamwamba pa mimba ya vayolini, kukhale kogoba kuti kasalemere.

"Ndipo amafuna phingo pa chifukwa," anatero. "Zala zimapondapo tsiku ndi tsiku, nsambo zimakhulapo, thukuta limagwerapo. Mtengo wofewa umakumbika, umamwa thukuta. Ndiye musapakepo chilichonse, bambo. Vanishi ayi, penti ayi. Kungosalaza basi."

"Osasemapo ngakhale kanjovu kumapetoku?"

"Ngakhale nyerere."

A Sefu anapukusa mutu ndi chisoni, poona malo abwino akuwonongeka. Anayeza khosi la vayolini ndi ulusi, anayezanso ndi tepi kuti madamu akhutire, ananyamula zonse pamodzi ndi nzimbe ya Jenerali ija. A Rahima anawatsatira mpaka pageti.

"Bambo a Sumayya, ulendo uno polishi ayi."

"Inshallah."

"Sindinafunse za Mulungu. Ndafunsa za inu."

"Mayi, inu mumasita, ine ndimasema. Ndinayamba ndakuuzanipo kuti kolala mwaipinda molakwika?"

Patapita masiku angapo vayolini inabwera. Tinene chilungamo, manja akuda aja ntchito amaidziwa. Kathabwako kanakhala pakhosi ngati kanabadwira pomwepo, kakuda, kosalala, konyezimira moti ukanatha kumetera ndevu. Madamu anamanga nsambo, anayendetsa uta, nyimbo inatuluka bwinobwino. Unali m'mawa kukadali kozizira, analiza pang'ono chabe, anawagwira chanza a Sefu ndi manja awiri n'kuthamangira kwa telala wa diresi.

A Rahima anali kukhitchini, zitseko ziwiri pakati, koma mphuno inali itawauza kale. Linali fungo lija la palafini wosakaniza ndi phula, limene anagona nalo pilo imodzi kuyambira tsiku la ukwati wawo. Linali lochepa, lobisika pansi pa pefyumu wa madamu, koma linalipo. Anaima ndi mbale m'manja. Kenako anadziuza kuti mwina ndi manja a mwini wake amene asiya fungo pa bokosi. Munthu akafuna kusadziwa, ngakhale mphuno amaitseka pakamwa.

Lachisanu, ukwati uli mawa lake, madamu anadzitsekera kuchipinda masana dzuwa lili pamutu, kuliza nyimbo ija mobwerezabwereza. Atatuluka anaponya kathawulo koyera m'basiketi ya zochapa.

"Chiwongolero cha galimoto yanga chikusuluka kapena? Taonani zala zanga. Muwauze a Edwell achipukute."

Zala zinayi za kumanzere zinali zotuwa kunsonga. Pachibwano panali kamzere kakuda pamene anadzikanda. Madamu anasamba, anatenga makiyi, anapita ku Area 47 kumene azimayi ankakonza za phwando.

A Rahima anatambasula kathawuloko. Zala zinayi, zala zinayi, zala zinayi, mbali zonse. Anakanunkhiza n'kukatayira kutali ngati kagwira khoswe wakufa. Kenako maso awo anapita pa chitseko cha chipinda cha alendo, kumene diresi la Fiona linapachikidwa. Analisita okha dzulo lake, m'mawa wonse, atasamba m'manja ndi mandimu. Anaona zonse mmene zidzakhalire. Tchalitchi chodzaza, kutentha kwa masana, madamu akuliza thukuta lili kamukamu, polishi akusungunuka pansi pa zala. Nyimbo ikatha, mayi aika vayolini pansi, akumbatira mwana wake, amugwira kumsana, amukonza velo, amupukuta misozi patsaya. Ndipo mafoni onse a mu Lilongwe ali m'mwamba.

A Sefu anali ku kota, atabwera kuchokera kumzikiti, akumwa tiyi mapazi ali pa mpando.

"Ndi mtengo wanji?"

"Wa chiyani, mayi?"

Anawaponyera kathawulo kaja pamiyendo. A Sefu anakayang'ana mbali zonse ngati dokotala.

"Aa, amenewa ndi oyamba chabe. Amachoka apamwamba, apansi amakhala."

"Ndi mtengo wanji?"

"Jakaranda. Koma wabwino, wouma, wa mumsewu wa mabwana."

"Munamiza chipika m'madzi pamaso pa madamu."

"Ndipo chinamira. Ndinanama pati? A Abdulaziz sangalole kuti munthu achidule, mukudziwa inunso. Chikatha tizimiza chiyani?"

"Anakuuzani kuti musapake kanthu."

"Anati vanishi ndi penti. Komanso ndikanawapatsa choyera akanalandira? Munthu amafuna chakuda, ndamupatsa chakuda. Ndagulitsa njovu kwa akazembe ine, palibe anabwerapo kudzadandaula."

"Akazembe anu amaliza njovu ndi zala? Amaikumbatira? Madamu sakukwera ndege, bambo a Sumayya. Amagona apo, ife timagona apa, mpanda wake ndi umodzi."

A Sefu anasisita ndevu. Zinkaoneka kuti mfundo imeneyi inali yachilendo ndithu kwa iwo.

"Ndiye muwauze avale magolovesi. Pa ukwati zimakhala bwino."

A Rahima anawayang'ana bamboyo, ndevu zake, zikhadabo zake, chala chakuda chimene anasiya pa kapu. Mlomo unakwera mpaka kufika pamphuno. Kenako anatuluka.

Munthu wina akanadikira madamu n'kuwauza. Koma kunena kunali kunyamula katundu, kusiya mpopi, kubwerera kumzere wa chimbudzi ali ndi imvi. Ndipo m'moyo wawo wonse a Rahima anali asanakumanepo ndi litsiro limene linakana madzi otentha ndi sopo. Mafuta a galimoto anawagonjetsa. Inki, magazi, utomoni wa nthochi, zonse zinagwada. Polishi anali mdani wakale, ankadziwa pomugwira. Anaganiza kuti akachotsa wapamwambayo, utoto wapansi utsala, kathabwa kakhala kakuda koma kosadetsa, mawa lidutsa, zinazo adzaziona.

Anatulutsa kiyi m'thumba la epuloni, analowa kuchipinda kwa madamu, ananyamula vayolini imene sanaikhudzepo chiyambire ntchito, n'kupita nayo kusinki yochapira.

Anayamba mwaulemu, ndi kansalu konyowa. Kansalu kanada. Anatenga kena, kanadanso. Anawonjezera sopo waufa ndi madzi a mu ketulo. Chithovu chinatuluka chakuda ngati madzi a mu ngalande ya kumsika, fungo linakwera ndi nthunzi n'kuwalowa mpaka kukhosi. Apa ndiye mkwiyo wa zaka zonse unadzuka. Anaiwala kuti agwira vayolini. Ankaona pilo, ankaona swichi, ankaona matewera a Sumayya. Anatenga burashi, analowetsa pansi pa nsambo, anakhula. Anatenga waya wotsukira mapoto, anakhula. Polishi anachoka, utoto unatsatira pambuyo pake, poti nawonso sunalowe patali.

Pamene anaima kuti apume, m'manja mwawo munali chinthu china. Kathabwa kanali koyera apa, kotuwa apo, mawangamawanga ngati galu wa mphere. Jakaranda anamwa madzi n'kutupa, anamera tiubweya, kumapeto n'kuyamba kupindika ngati lilime la nsapato yakale. Nsambo zinagona pa thabwa. Pa mimba ya vayolini, pamene madzi otentha anayenderera, vanishi wofiirira wa malemu a Clifton anachita nkhungu yoyera. Ataipendeketsa, m'kati munamveka madzi kuti khuchu.

Anayesa kuumitsa ndi thawulo. Anaiika padzuwa, anaichotsa. Anaganizako za nsimbi, koma nzeru zinabwerako pang'ono. Anali ataima choncho, vayolini ili m'manja ikudontha, pamene hutala inalira pageti.

Madamu analowa kudzera kukhitchini atanyamula maluwa. Anaima pakhomo la kochapira. Anayang'ana sinki yakuda, waya wa mapoto, kenako vayolini. Anaika maluwa pansi pang'onopang'ono.

"Mwaichapa."

"Inde, madamu."

"Vayolini ya a Clifton. Mwaichapa ndi sopo."

"Imadetsa, madamu. Si chiwongolero chija ayi. Ndi polishi wa nsapato. Mtengo wake ndi jakaranda. Mawa mukanagwira diresi la Fiona."

Madamu anaitenga, anaitembenuza, madzi anatuluka pa kabowo ka pamimba n'kuwagwera pa nsapato. Anakhudza nsambo imodzi. Inalira ngati chule amene wapondedwa.

"Munadziwa liti?"

A Rahima anafuna kunena kuti lero. Lilime linakana.

"Tsiku lomwe inabwera. Ndinamva fungo."

"Ndipo chipika chija cha m'ndowa?"

"Ndi chobwereka. Amamizira aliyense."

"Munali pomwepo, a Rahima. Munandibweretsera ndowayo ndinu."

Madamu sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa. Anangopukuta vayolini ndi mpango wawo wa m'khosi, mmene munthu amapukutira mwana amene wagwa m'matope.

"Mukanandiuza ndikanamata tepi pa kathabwapo, kapena kusamba m'manja ndisanamugwire mwana. Inkalira, a Rahima. Inali yabodza koma inkalira." Anatembenuka. "Tikambirana ukwati ukatha. Mawa ndikufuna nyumba yoyera."

Fiona analowa m'tchalitchi ndi nyimbo ya kiyibodi, yolizidwa ndi mkulu wa kwaya amene amadziwa mabatani a ng'oma kuposa nyimbo. Mayi ake anakhala kutsogolo manja ali pamiyendo. A Rahima sanapite. Anatsala kunyumba kutsuka matambula a alendo, akuyang'ana mpopi wa ku kota pa windo ngati munthu amene akutsanzika maliro. Madzulo anaona zithunzi pa foni ya a Edwell. Diresi linali loyera kuti mbee, kutsogolo ndi kumbuyo. Anafuna kuti zimenezo ziwasangalatse, koma sizinafike.

Alendo atabalalika, Lolemba m'mawa, madamu anawaitana pa tebulo lodyera.

"Ndaganiza. Kukuchotsani ndikhoza, ndipo palibe angandinene. Koma ndakalamba, sindingayambenso kuphunzitsa munthu wina mmene ndimafunira mashiti anga. Ntchito yanu ilipo. Kota ilipo. Koma kota ndi ya wantchito wanga. Amuna anu si wantchito wanga. Sindikufuna kuwaonanso mkati mwa mpanda uno. Ngati simungakhale popanda iwo, ndimva, mupite nawo. Mundiyankhe lero."

A Rahima anapita ku kota. A Sefu anali atamva kale, paja nkhani za m'nyumba yaikulu zimafika kwa mlonda zisanathe kunenedwa. Anali atakhala pa bedi, akumwetulira ngati munthu amene akudziwa kuti amakondedwa.

"Musadandaule, mayi a Sumayya. Mng'ono wanga ku Area 4 ali ndi kachipinda kuseri. Ndi kakang'ono, madzi timagula pa kiyosiki, koma tikwanamo. Chimbudzi ndi cha anthu ochepa, mabanja asanu kaya asanu ndi limodzi."

A Rahima anakoka chikwama pansi pa bedi n'kuyamba kulongedza. Mikanjo, mathalauza, tizipewa, sompho, mipeni, maburashi. Zitini za polishi anazinyamula ndi pepala n'kuziika m'jumbo yakeyake. A Sefu anaonerera mpaka chikwama chinadzaza.

"Nanga zanu mulongedza muti?"

"Zanga zili pamalo pake."

Kumwetulira kunatsika pang'onopang'ono.

"Mayi, mukusiya mwamuna chifukwa cha mpopi?"

"Sindinakusiyeni. Lamlungu ndimapuma, ndizibwera. Muzikonzeratu pokhala."

"Anthu kumzikiti adzati chiyani?"

"Muwauze kuti mkazi wanu ndi weniweni. Akakayika mumumize m'madzi."

A Edwell anawathandiza kunyamula chikwama mpaka pamsewu. A Sefu anaima kunja kwa geti kwa kanthawi, kudikira kuti mwina wina awaitana, kenako anaimitsa kabaza.

Mpaka lero a Rahima ali mu Area 12. Lamlungu amakwera minibasi kupita ku Area 4 atanyamula chakudya, sopo ndi nsalu yawo yokhalira, ndipo amabwerako dzuwa lisanalowe, asanamwe madzi ambiri, kuopa chimbudzi cha kumeneko. Vayolini inapita ku Joni ndi mkamwini, akuti kuli munthu amene angayese kuikonza, koma sinabwerebe. Madzulo m'nyumba yaikulu mumangomveka wailesi ya kanema.

Makiyi amene madamu anawalanda tsiku la vayolini lija anawabwezera onse kupatula imodzi. Madamu akamachoka amakhoma kuchipinda kwawo n'kuponya kiyi m'chikwama, amati azisesamo okha. Sasesamo. A Rahima amadziwa chifukwa akamadutsa pakhonde la mkati amalimva fumbi likuunjikana kuseri kwa chitseko, pansi pa bedi, pamwamba pa wadiropu, pamodzi ndi thawulo lina lonyowa limene linaiwalika pakona sabata yatha. Amaima pamenepo mlomo uli m'mwamba. Kenako amagwada, amakulunga kansalu ku waya wa hang'ala, amalowetsa pansi pa chitseko, n'kupukuta mpaka pamene wayayo wafika.